Ufumu wa Kilwa ndi Malonda a Panyanja: Momwe Chuma cha Kumtunda Chinkafikira Kugombe

 

Nkhani ya lero ndi ya ufumu wa Kilwa. Likulu lake linali pachilumba chaching'ono chotchedwa Kilwa Kisiwani, kugombe la kummwera kwa dziko limene lero ndi Tanzania. Kuyambira m'zaka za m'ma 1200 kufikira m'ma 1400, mzinda umenewu unali doko lotchuka ndi lolemera kwambiri kugombe lonse la kum'mawa kwa Africa. Mafumu ake ankasula ndalama zawozawo, ankamanga nyumba zamiyala, ndipo ankadyera m'mbale zochokera ku China. Komatu pachilumbapo panalibe mgodi wa golide, ndipo njovu sizinkayendapo. Nanga chumacho chinkachokera kuti? Yankho lake ndilo mutu wa nkhani yonse, ndipo mulimva kangapo: chuma cha kugombe chinkachokera kumtunda. Kumtundako ndi kumapiri a Zimbabwe, kuchigwa cha Zambezi, kudziko la Amaravi, ndi kuchigwa cha Luangwa kumene inu mukukhala.

Mfundo zake zilipo zisanu ndi imodzi: mphepo ndi malo a mzindawo, katundu amene ankagulitsidwa, misonkho imene inkalemeretsa mfumu, kusuntha kwa njira ndi kufika kwa Apwitikizi, mafumu a Amaravi ndi dziko la Ansenga, ndiponso momwe malonda a minyanga anabalira malonda a anthu.

Mfundo yoyamba: mphepo ndi malo

Zombo za nthawi imeneyo zinalibe injini. Zinkayenda ndi matanga, choncho mwini ulendo weniweni inali mphepo. Panyanja ya India mphepo imasinthasintha ndi nyengo. Kuyambira cha mu Novembala kufikira Malichi imawomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, ndipo Aswahili amaitcha kaskazi. Imeneyi ndiyo inkakankha zombo za ku Arabia, Persia ndi India kuti zifike ku Africa. Kuyambira Epulo kufikira cha mu Seputembala mphepo imatembenuka n'kumachokera kummwera. Dzina lake ndi kusi, ndipo ndiyo inkabwezera zombozo kwawo. Wamalonda ankadziwa kuti akachedwa kumanga katundu mphepo n'kutembenuka, agona padoko mpaka chaka chamawa.

Apa ndi pamene malo a Kilwa anaipatsa mwayi. Kummwera kwa chilumbachi mphepo ya kaskazi imayamba kufooka, ndipo madzi a pakati pa Mozambique ndi Madagascar ali ndi mafunde ndi mikokomo yovuta. Chombo chochokera ku India chinkatha kufika ku Kilwa, kugulitsa, kugula, n'kubwerera m'chaka chomwecho. Kupitirira pamenepo kunali kutaya nyengo yathunthu. Tsono golide ankatulukira ku Sofala, pafupi ndi mzinda wa Beira wa lero, mtunda woposa makilomita 1,000 kummwera. Alendo a kutsidya kwa nyanja ankaima pa Kilwa, ndipo eni mzindawo ndiwo ankapita ku Sofala ndi ngalawa zawo kukatenga golideyo. Zina mwa ngalawazi zinalibe msomali ngakhale umodzi: matabwa ake ankasokedwa ndi zingwe zopota ndi makoko a kokonati.

Amene mumayenda pamsewu waukulu wa ku Lusaka mukudziwa chifukwa chake nthochi zimayenda malonda pa Nyimba. Mabasi amaima pamenepo, ndipo pamene basi yaima ndi pamene ndalama imatsika. Kilwa inali malo otero panyanja. Msewu utapatutsidwa kuti udzere kwina, msikawo ungazilale ngakhale nthochi zikhale zokoma chotani, ndipo muona kutsogoloku kuti zimenezi n'zimene zinagwera Kilwa.

Eni mzindawo anali Aswahili, anthu a mu Africa olankhula chinenero chachibale ndi Chinsenga ndi Chichewa, amene analandira Chisilamu. Mbiri yawo imanena kuti banja lachifumu linayambitsidwa ndi Ali bin al-Hasan, wochokera ku Shiraz m'dziko la Persia. Kafukufuku wa mafupa a m'manda akale a kugombe, amene anafalitsidwa mu 2023, anapeza kuti cha m'ma 1000 amuna ochokera ku Persia anakwatira akazi a mu Africa, ndipo ana awo anakula ndi chinenero cha amayi awo. Olemba ena a nthawi ya atsamunda ankati mizinda imeneyi inamangidwa ndi alendo okhaokha. Kumeneko kunali kulakwa, ndipo zofukulidwa m'nthaka zakutsutsa.

Mfundo yachiwiri: katundu

Katundu wotuluka woyamba anali golide. Ankakumbidwa ndi kusefedwa m'mitsinje ya kumapiri a Zimbabwe, ndipo ankatsika ndi amtengatenga kupita ku Sofala. Nthawi imene Kilwa inafika pachimake ndi yomweyo imene mzinda wamiyala wa Great Zimbabwe unali pachimake, m'zaka za m'ma 1300. Umboni wa ubale wawo ulipo: ndalama yamkuwa ya ku Kilwa, yokhala ndi dzina la Sultan al-Hasan ibn Sulaiman, inapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe.

Wachiwiri inali minyanga ya njovu, ndipo pa ameneyu tikhalitsepo chifukwa ndiye anakhudza kwambiri dera lino. Mlembi wachiluya al-Masudi, amene anafika kugombe la Africa cha m'ma 916, analemba kuti minyanga inkapita ku Oman, kuchoka uko n'kupita ku India ndi ku China. Mwina wina angafunse kuti, kodi ku India kulibe njovu? Ziliko, koma minyanga yake ndi yaing'ono ndiponso yolimba. Ya njovu za ku Africa ndi yaikulu, yofewa posema, ndipo ndiyo inkatulutsa zibangili zokwana mkono wa mkazi. Mwa Ahindu a kumadzulo kwa India mkwatibwi ankavala zibangili za minyanga, ndipo ukwati ukatha ndi imfa zibangilizo zinkawonongedwa, osapatsira wina. Motero chaka chilichonse pankafunika zatsopano. Msika wa golide unkakwera ndi kutsika, koma wa minyanga sunkatha. Mlenje wa m'chigwa cha Luangwa ndi mkwatibwi wa ku Gujarat sankadziwana, koma ntchito ya mmodzi inkakathera pamkono wa mnzake.

Panalinso chitsulo, chimene al-Idrisi analemba mu 1154 kuti chinkachoka kudera la Sofala kupita ku India. Zigoba za akamba a m'nyanja. Mitengo yomangira nyumba. Ndiponso akapolo, ngakhale kuti chiwerengero chawo pa nthawiyo sichinafike pa chimene chinadzaoneka m'ma 1800.

Katundu wolowa wamkulu inali nsalu, makamaka ya ku Gujarat yodzera padoko la Cambay, ndi mikanda yagalasi yamitundumitundu. Mbale zadothi zonyezimira za ku China ndi ku Persia zinkatsalira kwambiri m'nyumba za olemera a kugombe, ndipo zina ankazimata m'makoma kuti zikongoletse. Nsalu ndi mikanda ndizo zinkakwera kumtunda, pakuti n'zopepuka kusenza, siziwola msanga, ndipo zimagawika. Kumtunda zinkagwira ntchito ya ndalama: zinkalipira njira, zinkagula chakudya, zinkamanga ubwenzi ndi mafumu.

Osaganiza kuti anthu a ku Kilwa ankangokhala n'kumadikira zombo. Ankalima mapira, ankabzala kokonati ndi zipatso, ankaweta ng'ombe ndi mbuzi, ankapha nsomba. Ankalimanso thonje n'kumawomba nsalu zawo, ndipo ofukula apeza tizipangizo tambiri topotera ulusi. Ankasema miyala yoyera ya m'nyanja n'kuwotcha ina kuti ikhale njereza yomangira. Koma zonsezi zinkangodyetsa mzinda. Chimene chinaulemeretsa chinali katundu wodutsa, ndipo katunduyo ankachokera kumtunda.

Mfundo yachitatu: misonkho

Mfumu ya Kilwa inalibe asilikali olamula Zimbabwe kapena Zambezi. Mphamvu yake inali pakhomo lolowera ndi lotulukira. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1100 kapena kuchiyambi kwa m'ma 1200, Kilwa inatenga ulamuliro wa malonda a ku Sofala, ndipo inkaika nduna yake kumeneko. Kuyambira pamenepo nsalu yopita kummwera inkadulidwa msonkho pa Kilwa, golide wobwerera n'kudulidwanso. Mpwitikizi wina, Diogo de Alcáçova, analembera mfumu ya kwawo mu 1506 kuti sultan ankatenga magawo awiri mwa atatu a nsalu zimene wamalonda wabweretsa, ndipo pa golide wochokera ku Sofala ankatenga miyeso 50 pa miyeso 1,000 iliyonse. Msonkho woterewu ndi waukulu zedi. Kuti amalonda ankabwerabe chikhalirecho, zikusonyeza kukula kwa phindu limene nsalu inkapeza ikafika kwa eni golide. Zikusonyezanso kuti wokumba golide ndi mlenje wa njovu ndiwo ankalandira gawo lochepa pa onse.

Chuma chimenechi chikuonekabe m'mabwinja. Banja la Mahdali litatenga ufumu cha m'ma 1277, mzikiti waukulu unakulitsidwa n'kufoleredwa ndi madenga ozungulira amiyala. Sultan al-Hasan ibn Sulaiman, amene analamulira cha m'ma 1310 kufikira 1333, anamanga nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja. Inali ndi zipinda zoposa 100 ndi dziwe losambiramo la ngodya zisanu ndi zitatu. Chofunika kuchiona n'chakuti mbali yaikulu ya nyumbayo linali bwalo lozunguliridwa ndi zipinda zosungiramo katundu. Mfumu inali wamalonda wamkulu wa mzindawo. Woyenda wotchuka wa ku Morocco, Ibn Battuta, anafika mu 1331, ndipo anayamikira kukongola kwa mzindawo ndi kuwolowa manja kwa mfumuyo. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mphatso za sultan zinkakopa aphunzitsi achisilamu ndi amalonda, ndipo mbiri yabwino inkabweretsa zombo zina.

Ndalama zamkuwa zimene Kilwa inkasula zinali zogulira zinthu zing'onozing'ono pamsika wa tsiku ndi tsiku. Malonda aakulu ankayezedwa ndi kulemera kwa golide. Zambiri mwa zimenezi zinadziwika pamene Neville Chittick anafukula pachilumbachi kuyambira mu 1958 kufikira 1965.

Mfundo yachinayi: njira inasuntha

Cha pakati pa zaka za m'ma 1400 mphamvu ya Great Zimbabwe inachepa, ndipo kumpoto, kufupi ndi Zambezi, kunadzuka ufumu wa Mwenemutapa. Golide anayamba kutsika ndi mtsinje wa Zambezi m'malo molunjika ku Sofala. Amalonda achisilamu, ena a iwo ochokera ku Kilwa komweko kumene mabanja achifumu ankakangana, anakhazikika ku Angoche ndi ku Quelimane. Katundu ankatsika pamadzi kudzera ku Tete ndi ku Sena, n'kukatulukira m'madoko atsopanowo osadzera m'manja mwa nduna ya ku Sofala. Kilwa inayamba kuonda Mpwitikizi asanaoneke n'komwe.

Umboni wa njira ya Zambezi uli m'dziko lathu lino la Zambia. Mu 1960, anthu amene ankakumba pomanga thanki ya madzi pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi, anapeza manda a anthu olemera. M'mandamo munali mikanda ya golide, mipingasa yamkuwa, waya wamkuwa, zidutswa za nsalu, zigoba za nkhono za kunyanja, ndi mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja. Malowa ali kumtunda kwa pamene Luangwa amakumana ndi Zambezi. Ndiye kuti katundu wa kunyanja ankadutsa pakhomo la chigwa chino zaka pafupifupi 500 zapitazo.

Kenaka anafika Apwitikizi. Vasco da Gama anaima pamtsinje wa Quelimane kuchiyambi kwa 1498 ali paulendo wa ku India. Mu 1502 anabweranso n'kukakamiza wolamulira wa Kilwa kupereka mtulo wa miyeso 1,500 ya golide. Golide ameneyo anakasulidwa chiwiya cha m'tchalitchi chotchedwa Custódia de Belém, chimene chikusungidwa ku Lisbon mpaka lero. Mu 1505 Francisco de Almeida analanda Kilwa ndi kufunkha chuma chake, ndipo chaka chomwecho Apwitikizi anamanga linga ku Sofala. Ankayesa kuti atagwira madoko awiriwa golide yense agwera m'manja mwawo. Sizinatero. Iwo anabwera ndi mizinga koma sankadziwa nsalu imene anthu a kumtunda ankafuna, ndipo anathamangitsa amalonda amene ankadziwana ndi mafumu. Golide anangopatukira ku Angoche. Mu 1511 anawotcha Angoche, koma malondawo sanathe. Mu 1512 anachoka ku Kilwa pakuti lingalo linkadya ndalama osabweza kanthu. M'zaka za m'ma 1530 anaganiza zokwera okha ndi Zambezi, nakhazikika ku Sena ndi ku Tete, kenaka ku Quelimane mu 1544. Anazindikira mochedwa chimene Aswahili ankachidziwa kale, kuti chuma cha kugombe chinkachokera kumtunda.

Mfundo yachisanu: Amaravi ndi dziko la Ansenga

Kumpoto kwa Zambezi kunalibe golide wochuluka ngati kummwera, koma kunali njovu zambiri, chitsulo chabwino, mchere ndi thonje. Kumeneku ndiko kunali maufumu a Amaravi a mbumba ya Aphiri: Kalonga ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza ku Malawi, Lundu m'chigwa cha Shire, ndi Undi, amene anachoka ku Mankhamba n'kukakhazikika ku Mano, m'chigawo cha Tete cha lero. Pofukula ku Mankhamba, katswiri wa ku Malawi Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi minyanga yosemedwa. Likulu la Kalonga linali lolumikizana ndi nyanja.

Amaravi sankangogulitsa minyanga yokha. Makasu awo ankafunidwa mpaka ku Tete ndi kutsidya kwa Zambezi. Nsalu ya thonje yowombedwa m'chigwa cha Shire, yotchedwa machira, inali yolimba, ndipo Apwitikizi ankaigula kuti akasinthanitse ndi golide kwa Mwenemutapa. Apa tikuona kuti malonda a kunyanja anamera pamwamba pa malonda a m'midzi amene analipo kale, a mchere, makasu, nsalu ndi zakudya.

Njira ya pamtunda yopita ku Kilwa inalipo ndithu. Mu 1616 Gaspar Bocarro ananyamuka ku Tete, anacheza kwa mfumu ya Amaravi Muzura, anaoloka Shire, n'kukafika ku Kilwa atayenda masiku 53. Paliponse ankalipira mafumu ndi nsalu ndi mikanda, ndipo ankapatsidwa omuperekeza. Njira imene mlendo angaitsate choncho ndi njira yopondedwa kale. Madzi saiwala khwawa.

Nthawi ina Amaravi anafika mpaka kugombe kwenikweniko. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ankhondo otchedwa Azimba, amene olemba mbiri ambiri amawagwirizanitsa ndi Lundu, anagonjetsa Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete mu 1592. Muzura anathandiza Apwitikizi ndi ankhondo 4,000 mu 1608, ndipo mu 1622 iwo anamuthandiza kugonjetsa Lundu. Pambuyo pake anawatembenukira, koma anagonja m'ma 1630. Ngakhale zinali choncho, wansembe Manuel Barreto analemba mu 1667 kuti ulamuliro wa Amaravi unkafika kudziko la Amakua, kugombe loyang'anizana ndi chilumba cha Mozambique. Pa nthawi imeneyo ufumu wa kumtunda unali ndi khomo lakelake panyanja.

Tsono dera lino linalowamo bwanji? Ufumu wa Undi unakula chakumadzulo mpaka kufika ku Luangwa, ndipo mbiri yapakamwa ya Achewa ndi Ansenga imasimba za ubale wa Undi ndi mafumu a kuno, makamaka Kalindawalo. Ubalewo unkayenda ndi ukwati, chibale ndi mtulo. Lamulo lodziwika m'dera lonseli linali lakuti njovu ikaphedwa, mnyanga umene wagunda pansi ndi wa mwini dziko, winawo ndi wa mlenje. Mfumu yaing'ono inkatumiza gawo la minyangayo kwa mfumu yaikulu, pamodzi ndi zikopa za mikango ndi akambuku. Mfumu yaikulu inkagulitsa kwa amalonda, n'kugawira nsalu ndi mikanda kwa mafumu amene anapereka mtulo. Ankasunganso chakudya cha mtulo kuti chithandize pa njala. Taonani kufanana kwake ndi Kilwa: Undi nayenso mphamvu yake inali poti katundu ankadzera m'manja mwake. Mwambo wa Kulamba umene umachitika ku Mkaika, ku Katete, mwezi wa Ogasiti, ukusungabe chithunzi cha mafumu obwera ndi mphatso kwa Kalonga Gawa Undi.

M'zaka za m'ma 1700 zinthu ziwiri zinasintha dongosolo limeneli. Choyamba, cha m'ma 1715 kufikira 1720 amalonda ochokera ku Goa ndi ku Tete anatsegula msika wa Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, ndipo kutsidya kwake kunadzakhala Feira, imene lero ndi boma la Luangwa. Minyanga ya m'chigwa chino ndi mkuwa wochokera kumadzulo zinapeza msika wapafupi. Chachiwiri, cha pakati pa zaka zomwezo golide anapezeka m'dziko la Undi, ndipo Apwitikizi anatsegula migodi ku Mano ndi malo ena, kumene akapolo awo, ambiri a iwo akazi, ankakumba. Eni migodiwo ndi antchito awo anayamba kugula minyanga mwachindunji kwa mafumu ang'onoang'ono ndi alenje. Mfumu yaing'ono itapeza nsalu popanda kudzera kwa Undi, mtulo unayamba kuchepa. Njira inasunthanso, ndipo ufumu wa Undi unafooka monga Kilwa inafookera.

Nthawi yomweyo Abisa a kumpoto ankadutsa m'chigwa cha Luangwa atasenza minyanga ndi mkuwa wochokera kwa Mwata Kazembe. Ena ankapita ku Tete, koma ambiri ankagulitsa kwa Ayao, amene ankapereka mtengo wabwino. Ayaowo poyamba ankapita kuchilumba cha Mozambique, koma misonkho ya Apwitikizi itakwera anatembenukira ku Kilwa. Motero m'zaka za m'ma 1700 mzinda wakale uja unatsitsimukanso ndi minyanga imene ina inadutsa m'chigwa chino. Apwitikizi anayesa kulanda njirayo: Francisco de Lacerda anachoka ku Tete mu 1798 kupita kwa Kazembe, kumene anakamwalira, ndipo Monteiro ndi Gamitto anabwereza ulendowo mu 1831 ndi 1832. Onse analephera kupatutsa malondawo.

Mfundo yachisanu ndi chimodzi: kuchoka pa minyanga kufika pa anthu

Walira mvula walira matope. Njira zimene zinabweretsa nsalu ndi mikanda ndizo zinadzatenganso anthu. Afalansa atatsegula minda ya nzimbe ndi khofi pazilumba za Mauritius ndi Réunion anafuna antchito ambiri. Mu 1776 wamalonda wachifalansa Jean-Vincent Morice anapangana ndi sultan wa Kilwa kuti azimupatsa akapolo 1,000 chaka chilichonse. Patangopita zaka zochepa Aluya a ku Oman anatenga Kilwa, ndipo ufumu wodziimira pawokha unathera pamenepo. M'ma 1800 malonda anachoka pachilumba n'kusamukira kugombe lapafupi, ku Kilwa Kivinje, limene linasanduka doko lalikulu lotumiza akapolo ku Zanzibar kukalima m'minda ya zonunkhiritsa zakudya. Ambiri a iwo ankachokera kumadera ozungulira nyanja ya Malawi. Quelimane nayo inkatumiza anthu ku Brazil.

Katundu wolowa anasinthanso. Pamwamba pa nsalu panabwera mfuti ndi wonga. Mfuti inapha njovu zambiri m'nthawi yochepa, ndipo njovu zikatha pamalo alenje ankapita patsogolo. Mfuti yomweyo inkagwira anthu. Dziko la Ansenga linavutika mowirikiza. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, dzuwa litadetsedwa, ndipo anakhala pakati pa Ansenga zaka zingapo asanapitirire kumpoto. Pambuyo pake Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anabwereranso kuno. Msika wa Zumbo unasiyidwa mu 1836, ndipo David Livingstone podutsa mu 1856 anapeza mabwinja okhaokha ndi belu losweka la tchalitchi. Utatsegulidwanso mu 1862, eni mphamvu anali atsogoleri a Achikunda monga Kanyemba ndi Matakenya, amene anamanga malinga n'kumatumiza magulu amfuti kukwera ndi Luangwa kukasaka minyanga ndi anthu. Midzi inathawira m'mapiri, minda inagona, mabanja anabalalika.

Apa chiweruzo chiyenera kunenedwa mosabisa. Malonda akale a minyanga, makasu ndi machira, ngakhale phindu lake lalikulu linkatsalira kugombe, ankasiya anthu m'midzi yawo akulima ndi kusula. Malonda a akapolo anachotsa mlimi ndi wosula yemweyo. Nsalu imene inalowa inang'ambika m'zaka zochepa, wonga unapsa, koma munthu amene anatengedwa sanabwerere. Mlanduwu uli pa ogula a kutsidya kwa nyanja, pa mafumu a kugombe amene anasaina mapangano, ndi pa atsogoleri a kumtunda amene anagulitsa anansi awo.

Mabwinja a Kilwa Kisiwani ndi a chilumba choyandikana nacho cha Songo Mnara anaikidwa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1981, ndipo akusamalidwa. Mbali ya kumtunda ya mbiri imeneyi ikadali m'nthaka ndi m'mitu ya okalamba. Choncho, Ambuye Mfumu, anyakwawa ndi inu nonse, pempho ndi ili. Polima kapena pokumba maziko mukapeza mikanda yakale, zibangili zamkuwa, mapale okhala ndi zolembalemba kapena zotsalira za ng'anjo, musazitaye ndipo musazigulitse kwa odutsa. Zisiyeni pamalo pomwepo, dziwitsani nyakwawa ndi mfumu, kuti uthenga ukafike ku National Heritage Conservation Commission. Aphunzitsi, tumani ophunzira kwa agogo awo akafunse kumene kunali madooko a Luangwa, kumene amalonda ankagona ndi mayina a njira zakale, ndipo zimene amvazo azilembe m'makope n'kuzisunga pasukulu.